Akazi a Joseph Smith tikuwadziwa, koma Athanasius ndani?

Pali Akhristu ambiri, ku America ngakhale kuno kwathu, amene angakufotokozereni bwinobwino mmene mpingo wa Mormon unayambira, koma mukawafunsa za mpingo umene iwo anabatizidwamo amayamba kukanda m'mutu. Adzakuuzani za mnyamata Joseph Smith wa ku Palmyra, m'chigawo cha New York, amene ananena kuti anaona masomphenya m'nkhalango mu 1820. Adzakuuzani za mngelo Moroni, za mapale agolide a paphiri la Cumorah, za Buku la Mormon limene linasindikizidwa mu 1830. Ena amafika mpaka pa mitala ya Smith, kuphedwa kwake m'ndende ya ku Carthage, Illinois, mu 1844, ndi ulendo wa Brigham Young, amene analowa m'malo mwake, wokafika ku Salt Lake mu 1847. Zonsezi amazitchula motsatana, osaphonya. Ndiye afunseni kuti chikhulupiriro chimene amachilakatula Lamulungu lililonse ataimirira chinalembedwa liti, anachilemba ndani, ndipo olembawo ankakangana ndi yani. Pamenepo pamagwa bata.

Nkhaniyi imandivutitsa chifukwa ndine Mkhristu, ndinakulira m'mpingo wa Chipresbiteriyani, ndinalowa kalasi, Katekisima ndinamuloweza, ndipo chiphunzitso cha a Mormon sindigwirizana nacho. Komabe sindiona kuti n'chinthu chonyadira kuti munthu adziwe za m'nyumba ya mnzake kuposa za m'nyumba mwake.

Mlamu wanga ndi munthu wokonda Mulungu, wa kwaya, wosajomba ku mapemphero a m'kati mwa sabata. Amishonale a Mormon, anyamata awiri a malaya oyera, a matayi, okhala ndi tizikwangwani takuda ta maina pachifuwa, atayamba kuyendayenda m'dera lawo, iye anaganiza zokonzekera. Anagula bandulo, n'kukhala usiku pa YouTube. Nditapita kukacheza kwawo ndinamupeza ali ndi kope la ana asukulu lodzaza ndi zolemba, zaka zitatsekedwa mzere kunsi ndi cholembera chofiira.

"Alamu," anatero, "mukudziwa kuti Joseph Smith ameneyu ankamasulira buku lake ataika mwala m'chipewa, nkhope atavundikira momwemo?"

Zimenezo n'zoona, ndipo mpingo wawo womwe umavomereza. Anandiuzanso kuti Smith anakwatira akazi pakati pa 30 ndi 40, mmodzi wa iwo ali ndi zaka 14, kuti mu 1857 ku Mountain Meadows anthu a mpingowu anapha apaulendo pafupifupi 120, ndiponso kuti mpaka mu 1978 munthu wakuda sankaloledwa unsembe. Sananame pena paliponse. Titamwa tiyi ndinamufunsa kuti, "Nanga alamu, mabuku 27 a Chipangano Chatsopano anawaika pamodzi ndani?" Anakhala kaye chete, kenako anati, "Si Mzimu Woyera kodi?" Inenso ndimakhulupirira choncho. Koma Mzimu anagwira ntchito kudzera mwa anthu amene anali ndi maina, ndi mizinda yawo, ndi mikangano yawo, ndipo m'kope lija munalibe ngakhale mmodzi.

Chifukwa chapafupi n'chakuti mbiri ya a Mormon ndi yaifupi ndiponso ya dzulodzuloli. Mpingo wawo, umene dzina lake lenileni ndi Mpingo wa Yesu Khristu wa Oyera Mtima a Masiku Otsiriza, unakhazikitsidwa pa 6 Epulo 1830. Inali nthawi ya manyuzipepala, makhoti olemba milandu, makina osindikizira ndi anthu olemba zochitika za tsiku ndi tsiku m'mabuku awo. Anansi a Smith analemba zimene ankamudziwa. Amene anakangana naye n'kutuluka mumpingo analembanso. Nyuzipepala ya Nauvoo Expositor, imene inaulula za mitala mu 1844, inatuluka kamodzi kokha Smith ndi khonsolo ya mzinda asanalamule kuti makina ake aphwanyidwe, ndipo ndicho chinamufikitsa kundende kumene anakaphedwa. Ngakhale zidutswa za gumbwa za ku Egypt zimene Smith ananena kuti anamasuliramo buku la Abrahamu zinapezekanso ku New York, n'kuperekedwa ku mpingowu mu 1967, ndipo akatswiri a chilankhulo cha Aigupto ataziwerenga anapeza kuti ndi malemba a maliro, Abrahamu mulibemo. Mbiri yotere munthu angaigwire ndi manja. Ili ndi woyambitsa mmodzi, dziko limodzi, ulendo umodzi wochoka kuvuma kupita kuzambwe. Usiku utatu pa foni, waimaliza.

Ya Chikhristu ndi ya zaka 2000, m'Chigiriki, m'Chilatini, m'Chisiriya, m'Chikoputi ndi m'Chigeezi, ndipo ilibe msewu umodzi. Munthu sadziwa poyambira.

Koma kutalika kokha sikungafotokoze zonse, chifukwa mipingo yambiri imene tili nayo si yakale kuposa ya a Mormon. A Seventh-day Adventist anachokera m'gulu la William Miller, mlaliki wa m'chigawo chomwecho cha New York, amene omutsatira anadikira kubwera kwa Yesu pa 22 Okutobala 1844, chaka chomwe Smith anaphedwa. Achipentekoste mizu yawo ili ku Azusa Street, Los Angeles, mu 1906. CCAP inapangidwa mu 1924. Zonsezi zinalembedwa, zithunzi zilipo. Nanga bwanji sitikhala usiku pa foni kuzifufuza?

Ine ndiona kuti yankho lili pa chifukwa chimene timaphunzirira. Mbiri ya a Mormon timaiphunzira ngati chida cha pamtsutso. Ku America kwakhala mabungwe a Chikhristu amene ntchito yawo yonse ndi kufufuza ndi kufalitsa zofooka za mpingowu. Jerald ndi Sandra Tanner, amene anatuluka mumpingowu, anatha zaka zambirimbiri ku Salt Lake City akusindikiza zikalata zakale zimene akuluakulu a mpingo sankakonda kuti zioneke. Zimene anthu otere anakumba ndi zimene lero zadzaza pa YouTube ndi pa Facebook, zodulidwa bwino m'mphindi khumi. Ndipo munthu ukadziwa kuti mawa wina agogoda pakhomo pako kudzakuuza kuti mpingo wako unasokera, umakhala ndi njala yophunzira. Umafuna ukamugwire pakamwa. Mbiri ya mpingo wako siikupatsa chisangalalo chimenecho. Palibe amene ukamugonjetse nayo, ndipo mwina ikugonjetsa iwe amene.

Palinso china chimene a Mormon tiyenera kuwayamikira. Iwo mbiri yawo amaiphunzitsa. Pa tsiku limene mpingo wawo unakhazikitsidwa, Smith anapereka lamulo lakuti pazikhala kaundula wa zochitika, ndipo chaka chotsatira anasankha wolemba mbiri ya mpingo. Achinyamata awo a msinkhu wa sekondale amakhala ndi maphunziro a zaka zinayi, ndipo mbiri ya mpingo ili m'gulu la zimene amaphunzirazo. Pa 24 Julayi chaka chilichonse ku Utah kumakhala tchuthi chokumbukira kufika kwa makolo awo m'chigwa cha Salt Lake. Mmishonale akakhala pampando m'nyumba mwanu, phunziro lake loyamba ndi nkhani ya mbiri: mpingo woona unatayika atumwi atamwalira, ndipo unabwezeretsedwa kudzera mwa Joseph Smith. Chikhulupiriro chawo chimaima kapena kugwa pa zimene zinachitika pakati pa 1820 ndi 1844, choncho aliyense wofuna kuwatsatira kapena kuwatsutsa amakakamizika kulowa m'mbiri. Kwa nthawi yaitali ankaifotokoza moikongoletsa, zimenezo n'zoona. Koma intaneti itavundukula zobisika, anayamba kulemba okha poyera. Mu 2013 anatulutsa nkhani yokana ziphunzitso zakale zakuti khungu lakuda ndi temberero, ndipo mu 2014 anavomereza chiwerengero cha akazi a Smith. Makalata ndi zolemba za Smith anaziika pa intaneti kuti aliyense awerenge.

Tsono onani chimene chimachitika pamene mmishonale uja wanena kuti mpingo unatayika atumwi atamwalira. Mkhristu wamba alibe choyankha, chifukwa m'mutu mwake namonso muli dzenje lomwelo. Ku Sande sukulu tinaphunzira kuyambira Genesis mpaka Paulo ali ku Roma m'mutu 28 wa Machitidwe. Kuchoka apo timadumpha. Wachipulotesitanti amatera pa Martin Luther mu 1517, n'kudumphanso kudzatera pa David Livingstone. Wachipentekoste nthawi zina amachoka pa Machitidwe 2 n'kudzatera pa abusa amene anayambitsa mpingo wawo m'kalasi ya pasukulu ya pulaimale. Akatolika amaposako pang'ono chifukwa cha maina a oyera, komabe ambiri amadziwa tsiku la chaka cha woyera osadziwa dziko limene anakhala. Tinauzidwa kuti Baibulo lokha ndilo muyeso wa chikhulupiriro, ndipo ine ndimavomereza, koma tinazimva ngati kuti china chilichonse n'chosafunika kuchidziwa. Luther ndi Calvin amene ananena zimenezo anali anthu oti Augustine, bishopu wakale wa ku Hippo, anamuwerenga mpaka kumuloweza.

Ndiye pali mantha. Akuluakulu ena amaopa kuti Akhristu akadziwa zambiri chikhulupiriro chawo chigwedezeka. Ndipo zoona, m'mbiri yathu muli zinthu zowawa, zina zofanana kwambiri ndi zimene timalozera a Mormon. Akale anati anyani amasekana zikundu.

Timawanena za mitala. Mu 1540 Philip wa ku Hesse, kalonga amene ankateteza Apulotesitanti ku Germany, anakwatira mkazi wachiwiri woyamba ali moyo, ndipo Luther ndi mnzake Melanchthon anali atamuvomereza mwachinsinsi. Timawanena za Mountain Meadows. Mu 1553 ku Geneva, mzinda wa John Calvin, Michael Servetus anatenthedwa wamoyo chifukwa chokana Utatu Woyera. Calvin anapempha kuti amudule mutu m'malo momutentha, koma za kuphedwa kwakeko anagwirizana nazo. Nkhondo ya pakati pa 1618 ndi 1648, imene inayambira pa mkangano wa Akatolika ndi Apulotesitanti, inapha anthu mamiliyoni ku Ulaya.

Koma pamene pamandikhudza kwambiri ine ngati munthu wakuda ndi pa chaka cha 1978. Timachitchula mokweza, ndipo n'koyenera, chifukwa kumana munthu unsembe kaamba ka khungu lake ndi tchimo lalikulu. Tsono tiyeni tiike zaka zina pambali pake. Southern Baptist Convention inapangidwa mu 1845 chifukwa a Baptist a kummwera kwa America ankafuna kuti munthu wokhala ndi akapolo aziloledwa kukhala mmishonale, ndipo anadzapepesa mu 1995. William Seymour, mwana wa anthu amene anali akapolo, yemwe anatsogolera chitsitsimutso cha Azusa Street, ankamvetsera maphunziro a Baibulo a Charles Parham ku Houston atakhala kunja kwa chipinda, chifukwa wakuda sankakhala pamodzi ndi azungu. Mu 1857, chaka chomwecho cha Mountain Meadows, sinodi ya Dutch Reformed Church ku Cape, South Africa, inalola kuti azungu ndi anthu akuda azipemphera ndi kudya Mgonero m'nyumba zosiyana. Mpingo womwewu pambuyo pake unaikira kumbuyo tsankho la apartheid ndi mavesi a m'Baibulo, mpaka mu 1982 bungwe la mipingo ya Reformed padziko lonse linauimitsa umembala. Ndipo ndi mpingo umenewu umene unatumiza A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok kudzatsegula Mvera mu 1889, kumene kunachokera Sinodi ya Nkhoma. Amishoni amenewa anamanga sukulu ndi zipatala, ndipo William Murray anatsogolera ntchito yomasulira Buku Lopatulika limene linatuluka mu 1922, limene agogo athu anaphunzirirapo kuwerenga. Zabwinozo n'zoona, zoipazo n'zoonanso, ndipo Mkhristu wamkulu msinkhu ayenera kunyamula zonse ziwiri.

Ngakhale pa Blantyre penipeni. Mishoni inayamba mu 1876, ndipo m'zaka zake zoyambirira amishoni anadzisandutsa oweruza milandu. Ankakwapula anthu, wina anafa ndi zikwapu, wina anaphedwa ndi mfuti ataweruzidwa ndi iwo omwe. Nkhaniyi itaululika ku Britain mu 1880, mpingo wa ku Scotland unachotsa Duff MacDonald ndi anzake ena, ndipo David Clement Scott anabwera mu 1881 kudzayambanso ntchito mwanjira ina. Tchalitchi cha St Michael and All Angels chimene timajambulitsapo zithunzi za ukwati anamanga ndi Scott pamodzi ndi amisiri a kuno, n'kuchitsiriza mu 1891. Ndi angati mwa ife amene tinamvapo za zaka zisanu zoyambirira zija?

Sindikunena kuti popeza tonse tili ndi zipsera ndiye kuti ziphunzitso zonse n'zofanana. Nkhani ya gumbwa ija, mwachitsanzo, kwa ine ndi yolemera kwambiri, ndipo a Mormon sanaiyankhe mondikhutiritsa. Chimene ndikunena n'chakuti mafunso amene timawafunsa iwo, onena za amene analemba, nthawi imene analemba, ndi mboni zimene zinalipo, ndi mafunso abwino, ndipo sitingawakane akatembenukira kwa ife. Mnyamata wa ku yunivesite tsiku lina adzawerenga kuti mavesi 9 mpaka 20 a Marko 16 mulibe m'mipukutu iwiri yakale kwambiri ya Chigiriki, Sinaiticus ndi Vaticanus, ndi kuti nkhani ya mkazi wogwidwa m'chigololo pa Yohane 8 nayonso mulibe m'mipukutu yoyambirira. Abusa onse amene anapita ku koleji ya zaubusa amazidziwa zimenezi, ndipo sizinawagwetse. Koma mnyamatayo akazimva koyamba kwa munthu wonyoza Chikhristu pa TikTok, adzaona ngati mpingo unamubisira, ndipo chimene chidzamuchotse m'tchalitchi ndi kukhumudwa kumeneko.

Chimene chimandipweteka kuposa zonsezi, komabe, ndi chuma chimene tikutaya. M'dzenje lija la pakati pa Machitidwe ndi Luther muli Africa yodzaza.

Funso limene ndinafunsa mlamu wanga lili ndi yankho la kuno. Mndandanda wakale kwambiri umene tili nawo wotchula mabuku 27 enieniwo a Chipangano Chatsopano, osawonjeza osachotsa, uli m'kalata ya Pasaka imene Athanasius, bishopu wa ku Alexandria ku Egypt, analembera mipingo yake mu 367. Misonkhano ya ku Hippo mu 393 ndi ku Carthage mu 397, m'maiko amene lero ndi Algeria ndi Tunisia, inavomereza mabuku omwewo. Sanawapeke, mipingo inali itawawerenga kale kwa mibadwo, koma pa ena monga Ahebri, 2 Petro ndi Chivumbulutso panali kukayika kwa nthawi yaitali. Msonkhano wa ku Nicaea wa mu 325, umene ambiri pa intaneti amanama kuti ndi umene unasankha mabuku a m'Baibulo, sunakambe za zimenezo. Unakamba za Yesu, ngati ali Mulungu weniweni kapena cholengedwa choyamba, ndipo mkanganowo unayambira ku Alexandria pakati pa wansembe Arius ndi bishopu wake Alexander. Athanasius, amene pa msonkhanowo anali dikoni wachinyamata, anathamangitsidwa pampando wake kasanu m'moyo wake chifukwa chokana kusintha zimene anagwirizana ku Nicaea. Mukamakangana ndi wa Mormon kapena wa Mboni za Yehova za Utatu, mawu amene mukugwiritsa ntchitowo anawasula ndi anthu a ku Africa, kuyambira Tertullian wa ku Carthage.

Ku Carthage komweko mu 203, mayi wachitsikana dzina lake Perpetua, ali ndi mwana woyamwa, anaponyedwa ku zilombo pamodzi ndi Felicitas, kapolo amene anali atangobereka m'ndende. Zimene Perpetua analemba ali m'ndendemo zilipo mpaka lero, kuphatikizapo mmene bambo ake ankamudandaulira kuti akane Khristu apulumuke. Amayi a Mvano, a Chigwirizano ndi a Umanyano akanaimva nkhani imeneyi sakanaiwala. Augustine anabadwira ku Thagaste mu 354, m'dziko la Algeria ya lero. Mfumu Ezana ya ku Aksum, ku Ethiopia, inalandira Chikhristu m'zaka za m'ma 300, Angelezi ndi Ajeremani ambiri akadapembedza milungu ya makolo awo, ndipo mpingo wa ku Ethiopia ulipobe kuchokera nthawi imeneyo. Achinyamata athu akamauzidwa kuti Chikhristu ndi chipembedzo cha azungu chimene chinabwera ndi sitima, amasowa chonena, pamene yankho lili m'mbiri yawo yomwe.

Ndipo ya kuno kwathu nayo timaidziwa mwa maina a azungu okha. Robert Laws timamudziwa. Koma amene anatsegula njira ya uthenga pakati pa Angoni a M'mbelwa anali William Koyi, Mxhosa wochokera ku Lovedale, ku South Africa, amene ankamvana nawo chilankhulo ndipo anamwalira ku Njuyu mu 1886. Harry Kambwiri Matecheta ndi Stephen Kundecha anadzozedwa ubusa mu Mishoni ya Blantyre mu 1911. Yesaya Zerenje Mwasi, mmodzi wa abusa atatu oyamba a Livingstonia amene anadzozedwa mu 1914, anatuluka mu 1933 n'kuyambitsa mpingo wake atatopa ndi kulamulidwa ndi amishoni. Mishoni ya Malamulo ya a Seventh-day Adventist, m'zaka zake zoyambirira kuchokera mu 1902, inayendetsedwa ndi Thomas Branch, munthu wakuda wa ku America. John Chilembwe timamukumbukira pa 15 Januwale ndipo nkhope yake ili pa ndalama, koma timamuphunzira ngati wandale, kuiwala kuti anali mbusa wa Baptist amene anamanga tchalitchi chachikulu cha njerwa ku Mbombwe, chimene boma la atsamunda linachigwetsa mu 1915. Za mmene a Mboni za Yehova analetsedwera mu 1967, n'kumenyedwa, kutenthedwera nyumba ndi kuthawira ku Zambia ndi ku Mozambique m'zaka zotsatira, ndi zimene mipingo ina inachita kapena sinachite pa nthawiyo, sitikamba n'komwe. Timakonda kukumbukira kalata ya maepiskopi a Katolika ya pa 8 Malichi 1992, ndipo ndi yoyenera kuikumbukira, koma zaka 25 za m'mbuyo mwake nazonso ndi mbiri ya mpingo.

Zimenezi sizifuna digiri. Kalasi ya ubatizo imatenga miyezi yambiri, ndipo masabata anayi okha mwa imeneyo angakwane kufotokoza mmene Baibulo linasonkhanitsidwira, chifukwa chake la Akatolika lili ndi mabuku 73 pamene lathu lili ndi 66, kumene chikhulupiriro chimene timalakatula chinachokera, ndi mmene mpingo wathuwo unafikira pamudzi pathu. Abusa anaphunzira zonsezi ku koleji, mabuku ali nawo m'nyumba. Ndipo gawo lomalizali, la pamudzi, silili m'buku lililonse. Lili m'makaundula a ubatizo amene akudyedwa ndi chiswe m'makabati a ku vesitile, ndi m'mitu ya agogo amene amakhala kutsogolo pamphasa, amene akudziwa yemwe anapereka malo a tchalitchi, mphunzitsi woyamba amene ankaliza belu la chitsulo cha galimoto pamtengo, ndi chimene chinagawanitsa mpingo chaka chija. Achinyamata a kwaya ali ndi mafoni ojambula mawu, ndipo agogowo sakana kufotokoza munthu akawapita ndi ulemu.